MTENGO WA TIKITI YA MPIRA SUGWA KUMWAMBA NGATI MVULA



Tidziwa kuti ena mwa inu, poona mutu wa nkhani iyi, apukusa mitu nati, "Kodi alembi athu asowa chonena? Feteleza wakwera, msewu wa kumsika wakumbika, ndipo iwo ali kutilembera za mpira!" Yambani mwamva, muweruze pambuyo. Nkhani imene tiri nayo lero ndi ya mtengo: ndani amauika, ndani amaulipira, ndiponso ndani amatsala kunja kwa mpanda pamene anzake ali kukondwera m'kati. Mlimi ali yense amene anaimapo pa sikelo ndi thumba lake la mtedza, namva wogula ali kutchula mtengo monga ngati waulandira kuchokera kumwamba, nkhani iyi aidziwa kale. Mau athu ndi awa: mtengo sugwa kumwamba ngati mvula. Umaikidwa ndi anthu okhala pa mipando m'chipinda, ndipo anthu oimirira pamodzi akhoza kuutsitsa. Umboni wake tiri nao, wa tsiku lake ndi malo ake.

ZIMENE ZINACHITIKA KU ANFIELD

Anyamata athu ambiri, ndi akulu omwe, aidziwa timu ya Liverpool ya ku England koposa m'mene adziwira maina a mafumu a dera lao. Loweruka liri lonse amasonkhana m'nyumba za kanema pamsika, nalipira kandalama pakhomo kuti aone anyamata ovala zofiira ali kuthamanga pa bwalo lotchedwa Anfield. Koma ndi owerengeka amene adziwa chimene chinachitika pa bwalo limenelo Loweruka la pa 6 Febuluwale 2016.

Masiku ochepa tsikulo lisanafike, eni ake a timuyo, kampani ya ku America yotchedwa Fenway Sports Group, analengeza mitengo ya chaka chotsatira. Anali kukuza mbali imodzi ya bwalo, ndipo anati tikiti yodula koposa zonse, imene inali mapaundi 59, idzakhala mapaundi 77. Tikiti yodula koposa yoonera masewero onse a ligi a pakhomo chaka chathunthu inati idzapitirire mapaundi 1,000 kwa nthawi yoyamba. Kuti mumve kulemera kwake kwa ndalama imeneyi, dziwani kuti nthawi imeneyo malipiro otsikitsitsa amene lamulo la dziko lija linalola kwa munthu wamkulu anali mapaundi 6 ndi mapeni 70 pa ola limodzi. Ndiko kuti munthu wosesa kapena wonyamula katundu anayenera kugwira ntchito maola oposa 11 kuti aone mpira wa mphindi 90, tisanawerenge za basi ndi za kamba wa pa njira.

Akulu a timu anayankha kuti mipando ya mapaundi 77 inali yochepa chabe, ndi kuti matikiti ena anali kutsika mtengo. Zinali zoona ndithu. Koma ochemerera anaona kumene njira inali kuloza. Anadziwa kuti mtengo wa pamwamba ukakwera lero, mawa udzakoka anzake a pansi.

Kodi anachita chiani? Sanagende munthu. Sanaswe zenera, sanatenthe galimoto. Mabungwe awiri a ochemerera anakhala pansi napangana. Limodzi ndi Spion Kop 1906. Lina ndi Spirit of Shankly, lotchedwa dzina la Bill Shankly, mwana wa m'mudzi wa migodi ya malasha ku Scotland, amene anaphunzitsa timuyo kuyambira 1959 mpaka 1974. Pangano lao linali lalifupi: popeza akuti mapaundi 77, ife tidzanyamuka pa mphindi ya 77.

Tsikulo Liverpool inali kusewera ndi Sunderland, ndipo inali patsogolo ndi zigoli ziwiri kwa chabe. Munthu wokonda mpira adziwa kuwawa kwake kwa kusiya masewero timu yako iri kupambana. Koma mphindi ya 77 itakwana, anthu ngati 10,000 anaimirira natuluka. Ndiko kuti pa anthu anai ali onse, pafupifupi mmodzi anapita. Pakati pao panali Jamie Carragher, amene anaisewerera timuyo masewero oposa 700. Mipando itayera, Sunderland inamwetsa zigoli ziwiri, ndipo masewero anatha 2 kwa 2. Sitinena kuti kutuluka kwa anthu ndiko kunamwetsa zigolizo, koma dziko lonse linaona pa kanema bwalo la mapanga-mapanga, ndi timu yofooka ngati gule amene oyimba ake amthawa.

Patapita masiku anai okha, Lachitatu pa 10 Febuluwale, eni ake atatu, John W. Henry, Tom Werner ndi Mike Gordon, analemba kalata yapoyera kupepesa kwa ochemerera. Mtengo wa mapaundi 77 unachotsedwa. Analonjeza kuti tikiti yodula koposa idzakhalabe mapaundi 59 kwa zaka ziwiri. Taonani, abale! Mtengo umene Loweruka unali wosasinthika, pofika Lachitatu unali utasinthika. Kodi ndalama zomangira bwalo zinatsika pa masiku anai amenewo? Iai. Kodi malipiro a osewera anachepa? Iai. Chimene chinasintha ndi chimodzi: anthu anaonetsa kuti ali ndi miyendo, ndipo miyendo imene inawalowetsa ikhoza kuwatulutsanso.

MPIRAWU UNALI WA YANI POYAMBA?

Kuti timvetse mkwiyo wa anthu aja, tifunse kumene matimu amenewa anachokera. Sanayambidwe ndi anthu achuma a kutsidya kwa nyanja iai. Manchester United inayamba mu 1878 monga timu ya anthu ogwira ntchito ya njanji pa malo otchedwa Newton Heath. Arsenal inayambidwa mu 1886 ndi anthu opanga zida za nkhondo ku Woolwich. West Ham inatuluka mu 1895 m'fakitale yokhoma zombo zachitsulo pa mtsinje wa Thames. Everton inayamba monga timu ya anyamata a pa tchalitchi. Ngakhale mwambo wa kuyamba mpira 3 koloko masana Loweruka unabwera chifukwa tsiku limenelo antchito a m'mafakitale anali kuweruka masana, monga dzina la tsikuli linenera m'chinenero chathu. Munthu anali kutuluka pa ntchito ndi malipiro ake m'thumba, nalowa m'bwalo ndi mwana wake pa phewa.

Liverpool yeniyeniyo inabadwa pa mkangano wa ndalama. Poyamba bwalo la Anfield anali kuseweramo a Everton. Mwini malo, John Houlding, wofulula mowa, anakangana nao pa za lendi, ndipo mu 1892 a Everton ananyamula katundu wao nasamukira ku Goodison Park. Houlding anatsala ndi bwalo lopanda timu, nakakamizika kuyambitsa ina, ndiyo Liverpool. Chotero udzu wa pa Anfield unadziwa kale-kale kuti ukaumitsa mtengo, anthu amanyamuka. Eni ake a mu 2016 akanafunsa mbiri ya nyumba imene anagula, sakanachita manyazi aja.

Tsono funso ndi ili: ngati matimu anamangidwa ndi makobiri a anthu osauka kwa zaka zoposa 100, ndi chilungamo chanji kuti adzukulu a anthu omwewo aziima kunja kwa chipata?

MAU ANAI A OKWEZA MITENGO, NDI YANKHO LATHU

Okweza mitengo kuli konse ali ndi mau anai amene amabwereza. Tiyeni tiwaike pa bwalo limodzi-limodzi.

Choyamba amati, "Timu ifuna ndalama zogulira osewera abwino, kodi simufuna zikho?" Tiyankha ndi chiwerengero. Mu Febuluwale 2015, chaka chimodzi anthu asanatuluke ku Anfield, makampani awiri a kanema, Sky ndi BT Sport, anavomera kulipira Premier League mapaundi oposa mabiliyoni 5 kuti aonetse masewero kwa zaka zitatu, kuyambira 2016 mpaka 2019. Imeneyo inali ya m'dziko lao mokha. Pamwamba pake panali ndalama za makampani a kanema a maiko ena, ndipo m'menemo muli kadontho ka thukuta lathu ife, pakuti kandalama kamene mnyamata wathu amalipira pa khomo la nyumba ya kanema kamayenda kuchoka kwa mwini nyumbayo kupita kwa kampani yoonetsa mpira, ndipo gawo lake limakafika ku England. Kwa matimu akulu otere, ndalama za pachipata ndi gawo laling'ono poyerekeza ndi za kanema ndi za makampani otsatsa malonda. Munthu amene nkhokwe yake yadzaza mpaka kudenga, ndipo ali kulanda lichero la gaga kwa mkazi wamasiye, asatiuze kuti ndi njala. Dzina lake la chinthu chimenecho ndi umbombo.

Chachiwiri amati, "Ngati mitengo iri yoipa, bwanji mabwalo ali odzaza?" Pano tinene zoona, pakuti sitifuna kupambana mlandu ndi bodza. Nzoonadi kuti ku England oonera mpira achuluka pamene mitengo inali kukwera. M'chaka choyamba cha Premier League, 1992 mpaka 1993, masewero amodzi anali kuonedwa ndi anthu ngati 21,000. M'chaka cha 2022 mpaka 2023 chiwerengero chimenechi chinapitirira 40,000. Koma kuwerenga mitu sikukwana; yang'anani nkhope. Mpando umene unali wa mwana wa wonyamula katundu pa doko tsopano akhalapo mlendo wachuma wochokera kutali, amene abwera kamodzi, nagula malaya m'sitolo ya timu, najambula chithunzi, napita. Mwini timu amkonda mlendoyo, chifukwa asiya ndalama zambiri tsiku limodzi ndipo sadandaula. Bwalo ladzaza, inde, koma amene anakankhidwira kunja palibe amawawerenga. Ali m'nyumba za mowa kuonera pa kanema timu ya kwao imene iri kusewera pa mtunda woyenda pansi. Makolo athu zotere anazidziwa. Mudzi ukasamutsidwa kuti pabwere esiteti, malowo sakhala opanda anthu iai. Pamakhala akapitao, pamakhala nyumba za malata, ndipo wodutsa pa msewu amati pali chitukuko. Koma eni nthaka ali kuti?

Ndiponso pali chinthu china choopsa. Chikondi cha mpira chimalowa munthu ali mwana, pamene bambo kapena malume amgwira dzanja kupita naye ku bwalo. M'mera mpoyamba. Mtengo ukafika poti bambo sangathe kulipirira ana ake, ndipo mnyamata wa zaka 18 sangathe kudzilipirira yekha, timu imeneyo iri kukazinga mbeu imene inayenera kudzalidwa. Chaka chino idzakhuta. Nanga chaka cha mawa idzakolola chiani?

Chachitatu amati, "Mipando yabwino ndi chitetezo zimadya ndalama." Za chitetezo asaphunzitse anthu a ku Liverpool, pakuti iwo ndiwo anaika maliro. Pa 15 Epulo 1989, pa bwalo la Hillsborough mu mzinda wa Sheffield, ochemerera a timuyo anapanikizana m'malo oimirira otchingidwa ndi mipanda yachitsulo, ndipo anthu 97 anataya moyo chifukwa cha tsiku limenelo. Bwalo lofufuza za imfazi linagamula mu 2016 kuti olakwa sanali ochemerera, koma kuti oyang'anira chitetezo analephera ntchito yao. Woweruza wamkulu Lord Justice Taylor, amene anafufuza ngoziyi poyamba, analangiza mu 1990 kuti m'mabwalo akulu munthu ali yense akhale ndi mpando wake. Koma mu lipoti lomwelo ananenanso kuti mipando yotsika mtengo iyenera kulingana ndi matumba a anthu amene anali kulipira poimirira. Nthawi imeneyo tikiti yotsika mtengo ku Anfield inali mapaundi 4. Eni matimu anamva khutu limodzi. Langizo la mipando analilandira ndi manja awiri. Langizo la mtengo analiponya kudzala. Imfa za anthu osauka zinabweretsa mabwalo okongola, ndipo mabwalo okongolawo anatsekera kunja anthu osauka. Kodi chipongwe choposa ichi chiripo?

Chachinai amati, "Malonda ndi malonda, ngati simufuna, musabwere." Awa ndiwo mau achinyengo koposa onse. Wogulitsa mchere akakweza mtengo, mupita kwa mnzake wa pa benchi lina. Koma munthu wobadwira m'banja la Liverpool sangapite kukachemerera Everton chifukwa kumeneko nkotsika mtengo, monga munthu wa Bullets sangadzuke m'mawa nkuvala zobiriwira za mtambo za Wanderers. Eni matimu adziwa kuti wochemerera ndi womangika ndi chikondi, ndipo chikondi chimenecho ndicho chingwe chimene amamkokera nacho. Ndiponso wochemerera sali wogula chabe. Iye ndi mbali ya katundu amene ali kugulitsidwa. Umboni wake unaoneka mu 2020, pamene matenda a Covid-19 anatseketsa zipata, ndipo masewero a Premier League anayambanso mu Juni m'mabwalo opanda anthu. Mpira unazizira ngati nsima ya dzulo, kotero kuti makampani a kanema anayamba kuika phokoso la anthu lojambulidwa kale kuti oonera kunyumba asagone. Tamvani, abale: anachita kubwereka mau a anthu omwe aja amene anali kuwauza kuti "ngati simufuna musabwere"! Gule ali yense afuna oyimba ndi oomba m'manja. Nanga ndi mudzi uti umene umalipiritsa oyimba ndalama zambiri kuti ayimbire gule wa mwini ng'oma?

ENA ANACHITANSO CHOMWECHO

Za ku Anfield sizinagwe zokha ngati mphezi. Nkhanga zinapangana kusanapse. Mu Januwale 2013 timu ya Arsenal inalipiritsa alendo a Manchester City mapaundi 62, ndipo matikiti oposa 900 anabwezedwa osagulidwa. Mwezi womwewo bungwe la ochemerera a matimu onse, limene nthawi imeneyo linali kutchedwa Football Supporters' Federation, linayamba kulimbana kuti tikiti ya munthu wotsatira timu yake koyenda isapitirire mapaundi 20. Anthu amene amanyozana Loweruka liri lonse anagwirira limodzi nsalu imodzi yolembedwa madandaulo ao. Anapirira zaka zitatu. Mu Malichi 2016, mwezi umodzi chichitikire za ku Anfield, matimu onse 20 a Premier League anavomera kuti tikiti ya koyenda isapitirire mapaundi 30, ndipo pangano limeneli lakhala liri kuonjezedwa nthawi kangapo. Anapempha 20, analandira 30. Koma akanakhala chete akanalipirabe 62 kapena kuposa.

Ndipo amene ati mtengo wotsika umapha timu, apite ku Germany akaone. Bwalo la Borussia Dortmund limalowa anthu oposa 81,000, ndipo limadzaza pafupifupi masewero onse a ligi. Mbali imodzi yokha muli malo a anthu ngati 25,000 oimirira, a matikiti otsika mtengo, kumene achinyamata ndi antchito wamba amakwanitsa kulowa. Chinsinsi chake nchiani? M'dziko limenelo muli lamulo la mpira lakuti, kupatula matimu owerengeka, mavoti ambiri pa zochitika za timu akhale m'manja mwa mamembala ake, osati mwa munthu mmodzi wachuma. Kumene anthu wamba ali ndi mau m'chipinda choikira mtengo, mtengo umakumbukira anthu wamba.

Koma tisadzinamize kuti nkhondo inatha. Fisi akalawa mbuzi saiwala njira ya kukhola. Mu Novembala 2024 Manchester United inaika mtengo wa mapaundi 66 pa matikiti otsala a chaka chimenecho, nichotsa mtengo wotsika wa ana ndi wa okalamba. Mwana wa zaka 10 ndi nkhalamba yopuma pa ntchito anayenera kulipira chimodzimodzi ndi munthu wa malipiro a pa mwezi. Pa 1 Disembala chaka chomwecho ochemerera a United ndi a Everton anaima pamodzi ku Old Trafford, ndipo a Liverpool ndi a Manchester City anachita chomwecho ku Anfield. Phunziro lake ndi lakuti chimene mwapambana pogwirizana mudzachisunga pogwirizana, mukabalalika, adzachitenganso.

NANGA KUNO KWATHU?

Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Koma tisabise kuti kwathu kuno zinthu ziri zosiyana pa mfundo imodzi. Matimu athu alibe mabiliyoni a kanema. Amadalira makampani kapena anthu owathandiza, ndiponso ndalama za pachipata. Osewera afuna kangachepe, oyimbira mpira afuna kulipidwa, galimoto ifuna mafuta, mwini bwalo afuna zake. Chifukwa chake sitiri kunena kuti mpira ukhale waulere kapena kuti anthu azilowa mwa chipwirikiti. Sitinaiwale za pa 6 Julayi 2017, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko, pamene anthu 8, ambiri a iwo ana, anafa popanikizana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe. Tikiti yogulidwa bwino ndi chipata chotsegulidwa pa nthawi yake zimasunga moyo.

Chimene tiri kunena ndi ichi. Ku England wosauka akachoka pa mpando, mlendo wachuma amakhalapo. Kuno kwathu kulibe mlendo wotere wodikira pa mzere. Mtengo ukaposa thumba la munthu, mpando umakhala wopanda munthu, basi. Bwalo la Bingu liri ndi malo a anthu ngati 40,000; mpando uli wonse wotsala wopanda munthu pa tsiku la masewero ndi ndalama yotayika imene sidzabweranso, monga madzi a mvula opita ku dambo. Tiyeni tiwerenge monga ana a sukulu. Tiyerekeze kuti mwaika K2,000 pachipata, nalowa anthu 1,000: mwapeza K2,000,000. Tiyerekezenso kuti mwaika K1,000, nalowa anthu 3,000: mwapeza K3,000,000, osewera amva mau a anthu ao, ndipo amai ogulitsa mandasi, nzimbe ndi chimanga chootcha kunja kwa mpanda apita kwao ndi kanthu. Ndani wapindula pokweza?

Ndiponso oika mitengo m'tauni amaiwala kuti kwa munthu wa kumudzi tikiti ndi mchira chabe wa ulendo. Ayambe walipira kabaza kufika pa msewu, alipire minibasi kupita ndi kubwera, adye kanthu masana, ndipo mwina agone kwa mbale. Chitsikire mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 ali onse mu Novembala 2023, zonsezi zakwera, koma mlimi amalandira ndalama kamodzi pa chaka. Akafika pachipata napeza mtengo wasintha usiku chifukwa masewero ndi akulu, amabwerera ndi manyazi, ndipo ulendo wina amatsala kwao ndi wailesi pa khutu. Pambuyo pake akulu a mpira amadandaula kuti anthu asiya kukonda matimu a kwao, angokonda a ku England. Kodi anawasiya okha, kapena munawabweza pachipata?

Ngakhale m'midzi mwathu muno matendawa afika. Pa masewero otsiriza a chikho, bwalo la sukulu limatchingidwa ndi masaka kapena udzu, anthu awiri amakhala pakhomo ndi mbale, ndipo ana amene amasesa bwalolo ndi kutola mpira ukapita kutchire ndiwo amatsala kunja, ena m'mitengo ya mango, ena pa chulu. Dzuwa likalowa palibe adziwa kuti mbale ija munalowa zingati. Ngati ndalama za pachipata sizikwana, yambani mwatseka thumba lobooka musanapemphe anthu kuti athiremo zambiri.

ZIMENE TIFUNA

Chifukwa chake tipempha membala ali yense amene ali m'komiti ya timu, ya sukulu, ya mpingo kapena ya chitukuko cha mudzi kuti anyamule mfundo izi, ndipo azinene mopanda mantha kuli konse kumene mtengo wa pachipata uli kukambidwa.

1. Mtengo ulengezedwe sabata imodzi masewero asanafike, ndipo usasinthe pa tsiku lake.

2. Pa bwalo liri lonse pakhale malo a mtengo wotsika umene munthu wa ganyu angathe kulipira osagona ndi njala.

3. Ana a sukulu ndi okalamba alipire theka, ndipo ana ang'ono obwera ndi makolo ao alowe osalipira.

4. Poika mtengo pakhale nthumwi za ochemerera, amuna ndi amai omwe, osati akulu a komiti okha.

5. Munthu ali yense wolipira alandire tikiti ya nambala, ndipo ndalama ziwerengedwe poyera pamaso pa nthumwi za matimu onse awiri, chiwerengero chake chilengezedwe anthu asanabalalike.

6. Zipata zitsegulidwe nthawi yabwino, kuti pasakhale kupanikizana.

Akakana kumva, njira taiona. Tisagende, tisagwetse mpanda, tisatukwane wokhala pachipata, pakuti iye ndi wotumidwa chabe. Mwala umapatsa wolakwa mpata wosintha nkhani. M'malo mwa kukamba za mtengo, anthu amakamba za zenera losweka. Tipangane, tilembe dandaulo lathu, tilipereke. Akalinyoza, tikhale kunyumba tonse tsiku limodzi, kapena tinyamuke tonse pa mphindi imodzi. Munthu mmodzi akatuluka m'bwalo amati wapita kukataya madzi. Anthu 10,000 atatuluka, eni chuma a ku America analemba kalata yopepesa pa masiku anai.

Mutu umodzi susenza denga. Werengani kalata iyi pa msonkhano wa nthambi, muwawerengerenso amene sadziwa kuwerenga, ndipo anyamata aitengere ku nyumba ya kanema Loweruka likudzali, akauze anzao chimene chinachitika pa mphindi ya 77.

Ife anu pa ntchito ya nthambi,
ALEMBI